Agalu Osesedwa

Munthu wa imvi akaima pakhomo la ofesi, wam'kati amaimirira, amamulonjera, n'kumupatsa mpando. Lamulo limeneli silinapachikidwe pakhoma lililonse, pakuti aliyense woleredwa ndi anthu amalidziwa. Koma m'mawa wa Lachiwiri lija, ku malo a khonsolo osungirako agalu ndi amphaka osokera, Woyang'anira malowo anangoti khwathwa pa mpando wake wozungulira, akutafuna buledi, pamene mkulu wina wosoka nsapato anali chiimire pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Ndati pita kwanu, mdala iwe. Sukumva?"

"Ndamva, bwana," anayankha mkuluyo modzichepetsa. "Koma galu wanga munamutola pamsika sabata yatha, ine ndili m'chipatala. Ndi wotuwa, khutu limodzi ndi lopindika. Dzina lake ndi Phulusa. Ndabwera ndi chingwe chake."

"Chingwecho ukamangire nkhuni. Muno mwagwa chiwewe. Lero agalu onse aomberedwa, wakoyo momwemo."

Mawu amenewa anagwera m'makutu mwa Sajeni wa polisi, mayi wamsinkhu ndithu, amene anali atangofika pakhonde pamodzi ndi Konsitabo wonyamula mfuti. Magazi anamuwira. Analowa mu ofesimo, nanyamula mpando wa alendo, nakauika pamthunzi wa khonde, n'kuuza mkulu uja kuti, "Khalani apa, bambo." Atatero ndi pamene anatembenukira kwa mwini ofesi.

Chimene Sajeni anatumidwa chinali chomveka. Mkulu wa polisi anamuuza kuti agalu angapo afa ndi chiwewe kumalo a khonsolo, kuti dokotala wa ziweto ali kutali kukatemera ng'ombe koma wavomereza pafoni, ndipo kuti zinyama zonse zotsala ziphedwe dzuwa lisanafike pamutu.

"Agalu akufawo ali kuti?" anafunsa Sajeni.

"Tinawatentha dzulo. Ndi lamulo la zaumoyo."

"Adokotala anawaona ndi maso awo?"

"Ndinawafotokozera ine. Thovu kukamwa, maso ofiira, kuluma zitsulo. Mayi, inu ntchito yanu ndi mfuti, osati mafunso."

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, bambo. Ine sindiombera chinthu chimene sindinachione. Anafa liti?"

"Ndingadziwe bwanji? Lachisanu kunabwera alendo a komiti kudzayendera malo ano. Masana ndinawaperekeza, kuchoka pamenepo ndinalunjika ku ukwati wa mlamu wanga. Ndabwera Lolemba n'kupeza mitembo. Mukafuna womufunsa, funsani chidakwa chimene chimadyetsa agalucho. Makiyi onse a kumakola amasunga ndi chimenecho."

* * *

Kumakola fungo linawalandira asanafike. Makolawo anali a waya ndi simenti, omangidwira agalu awiriawiri, koma m'khola lililonse munali thithithi. Aakulu anali atagonera aang'ono. Ena nthiti zinali panja ngati mano a chipeso, ena mphere zitawadya mpaka m'zikope. Ngalande yotulutsa zonyansa inali itatsekeka kalekale, ndipo ntchentche zinali wirr pamwamba pake. Amphaka anawaunjika m'timabokosi ta waya, kena pamwamba pa kanzake, kotero kuti zonyansa za wapamwamba zinkagwera wapansi. Koma pakhoma loyang'ana ku msewu panali penti watsopano woyera mbee, ndi chithunzi cha galu wonenepa akusekerera.

Sajeni anayang'ana m'zomwera. Munali ndere zouma.

"Konsitabo, tsamizani mfutiyo pakhoma. Tungani madzi."

Madzi atangokhudza simenti, makola onse anadzuka. Agalu anakankhana, kukwerana pamsana, kumwa khathikhathi osapumira. Sajeni sanali dokotala, koma galu wachiwewe anamuonapo pantchito yake, ndipo ankakumbukira mmene madzi ankamukanikira pakhosi. Apa panalibe ndi mmodzi yemwe amene madzi anamukanika.

Kumapeto kwa mzere, m'kakhola kayekha, munagona galu wotuwa wa khutu lopindika. Sanathe kuimirira. Anakwawa ndi mimba mpaka pa mbale, namwa mpaka kuinyambita. Sajeni anagwada n'kuyang'anitsitsa miyendo yake yakutsogolo. Zikhadabo zinali zitatha mpaka kumnofu, ndipo m'mabalamo munali dzimbiri lofiira.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero Sajeni chapansipansi. "Uyu ankakanda chitsulo. Koma makola ano ndi a waya ndi simenti. Dzimbiri analipeza kuti?"

* * *

Sajeni anapeza mayi wotsuka makola kuseri kwa ofesi akuchapa matawulo a abwana ake. Anali munthu wa mawu ambiri ndi mantha ochuluka.

"Ine, amayi, ndine wamasiye, ana ndili nawo, sindifuna za milandu ine. Wakumwambayo ndiye mboni yanga. Lachisanu ndinabwera m'mawa, ndinakolopa mu ofesi, ndinathirira maluwa, ndinasesa pabwalo ponsepa mpaka kugeti. Ndiye abwana ndi a Chigubu nawonso anasesa. Alendo anafika, anajambula zithunzi, anati kaya n'kwaukhondo bwanji kuno, anamwa tiyi, anapita. Ine ndinaweruka. Loweruka ndi Lamulungu sindigwira, muwafunse."

"Chigubu ndiye ndani?"

"Wodyetsa agalu uja. Dzinalo n'la kumowa, koma mtima ali nawo wabwino, kungoti..."

"Mwati abwana anu anasesa? Atavala suti?"

"Eee, ndiye kuti... anasesa ndithu."

"Matsache pano alipo angati?"

Mayi uja anayang'ana tsache lake lotsamira pakhoma, kenako anayang'ana m'beseni. "Ndi limenelo. Linzake linathyoka chaka chatha."

"Ndipo linali m'manja mwanu. Nanga amuna awiriwo ankasesa ndi chiyani?"

Mayiyo anayamba kufinya tawulo louma kale. "Amayi, ine ndine wamasiye," anatero.

* * *

Mlonda anali m'kanyumba kake ka pageti, bambo wouma ngati mtengo wa m'dambo, woyankha ngati akulipira msonkho pa liwu lililonse.

"Loweruka munali pano?"

"Ndinali."

"Munamva chiyani?"

"Kulira."

"Agalu a m'makola?"

"Ayi. Osesedwa aja."

Sajeni anaima chilili. "Mwati chiyani?"

Mlonda anazindikira kuti lilime lamuterereka, koma mawu akatuluka sabwerera. "Osesedwa. Ndi mmene timawatchulira."

"Analira mpaka liti?"

"Loweruka lonse. Lamulungu masana anayamba kuchepa. Kenako zii."

"Inu munachitapo chiyani?"

"Ndinaimbira abwana. Anati galu kulira ndi ntchito yake. Ndinaimbanso. Foni inali yothima."

"Ndiye munakhala pampandopa, zamoyo zikufa m'makutu mwanu?"

"Ine ndimalondera geti, amayi. Loko si wanga."

Sajeni anamuyang'ana mpaka mlondayo anagwetsa nkhope. Pali tchimo lina limene anthu amalichita manja atapinda, ndipo ochita tchimo limeneli amagona tulo tabwino kuposa akuba.

"Loko wa pati?" anafunsa.

Mlonda analoza ndi mlomo kuseri kwa makola.

* * *

Kuseriko, pafupi ndi dzenje lotenthera zinyalala, kunali kanyumba kosungiramo zipangizo. Makoma anali a malata, denga la malata, zenera panalibe, ndipo panalibe mtengo wopereka mthunzi. Pachitseko chake chadzimbiri panali loko watsopano wonyezimira. Pambali pake panakhala bambo wina wa maso ofiira, atakumbatira ndowa yopanda kanthu. Ameneyo ndiye anali Chigubu.

"Takulandirani, boma!" anatero akuyesa kuseka. "Mwabwera ndi mfuti? Yambani ndi ine, ndine galu wamkulu pano, katemera sindinabayitsepo."

"Nthabwala muzisunge. Kusesa n'chiyani?"

Kuseka kuja kunazima. "Ndani wakuuzani?"

"Khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Yankhani."

Chigubu anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Kwanu mlendo akamabwera mumatani, amayi? Mumasesa pabwalo, zinyalala n'kukankhira kuseri kwa chitseko. Ifenso chimodzimodzi, kungoti tsache lathu ndi chingwe. Alendo akamabwera, abwana amayenda khola ndi khola akuloza. Uyu wawonda, sesa. Uyu ali ndi mphere, sesa. Uyu ndi nkhalamba, aipitsa chithunzi, sesa. Timawakokera m'nyumbamu. Alendo amaona onenepa okhaokha, amaomba m'manja, amapita. Akangotuluka pageti timawabweza m'makola. Tachita zimenezi zaka, palibe anafapo."

"Nanga Lachisanu?"

"Lachisanu mmodzi anakankha chitseko alendo ali pa tiyi, pang'ono atulukire pabwalo. Abwana anathamanga n'kukhomapo loko ameneyu, anagula okha. Kenako anakwera galimoto ndi alendo. Ine dikire, dikire, kiyi osabwera."

"Iwo akuti makiyi onse mumasunga ndinu."

"Ine? Munthu amene sandikhulupirira ndi thumba la chakudya cha agalu, angandipatse kiyi wa loko wake?" Anatulutsa m'thumba makiyi atatu akuda omangidwa pa waya. "Yesani, boma. Akatsegula, ndimangeni."

Sajeni anayesa onse. Palibe analowa n'komwe.

"Mukanathyola chitseko."

Chigubu anaika ndowa pansi. Atayankha, mawu ake anali ena. "Ndikanathyola. Ndinabwera ndi chitsulo Loweruka, ndinaima pomwe mwaimapo. Ndiye ndinakumbukira kuti mnzanga anachotsedwa ntchito chifukwa cha ndowa yosweka. Ndinataya chitsulo, n'kumathira madzi pansi pa chitseko. Amene anali pafupi ndi mpatawo ankanyambita. Wotuwa uja. Enawo..." Anayang'ana ndowa yake. "Lamulungu ndinakamwa mowa kuti ndisamve. Koma ndinkamvabe."

Foni ya Sajeni inalira. Anali mkulu wa polisi.

"Sajeni, a khonsolo akudandaula kuti mukuzengereza. Anthu a m'makomo oyandikana nawo ali ndi mantha, ana sakutuluka. Ngati mulibe umboni wogwirika, dzuwa likafika pamutu ndimve kuti mwamaliza."

Sajeni anayang'ana kumwamba. Mthunzi wa kanyumba kaja unali utatsala pang'ono kulowa pansi pa malata ake.

* * *

Pobwerera ku ofesi Sajeni anapeza pageti patadzaza anthu. Mbiri ya chiwewe inali itafalikira, ndipo amayi ena ankakuwa kuti apolisi achite changu. Wapampando wa komiti, mayi wa magalasi amene anatsogolera alendo Lachisanu, anali atafikanso kudzachitira umboni. Mkulu wosoka nsapato anali pampando pomwe paja, akupinda ndi kupindula chingwe chake.

Sajeni anadziwa kuti mawu a chidakwa ndi mlonda sangagwetse munthu wa suti. Analowa mu ofesi nkhope itafewa.

"Bambo, tiyamba ntchito tsopano. Koma geti lalikulu liyenera kukhomedwa, anthu angalowe mfuti ikulira. Ndibwerekeni makiyi anu."

Woyang'anira anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Anasolola mulu wa makiyi, wa galimoto ndi wa kunyumba ali pomwepo, n'kuupereka ndi dzanja lamanzere. Sajeni anaona mwano umenewo, kupatsa munthu chinthu ndi lamanzere, ndipo anaonanso kuti dzanja lamanja silinatuluke m'thumba la jekete ngakhale pofunafuna makiyiwo. Pakati pa muluwo panali kakiyi kakang'ono konyezimira.

Sajeni sanapite kugeti kukakhoma. Anauza mlonda kuti alitsegule lonse.

"Nonse bwerani kuseri kuno," anatero mokweza. "Amayi Wapampando, inu mutsogole. Lachisanu munayendera pabwalo, lero muyendere kuseri kwa chitseko."

Woyang'anira anatuluka akuthamanga. "Mayi, kumeneko n'kosungira zipangizo! Mulibe chilolezo!"

"Si paja makiyi a kuno amasunga ndi chidakwa? Ndiye musade nkhawa, anuwa satsegula."

Kakiyi kaja kanalowa mu loko n'kutembenuka mosavuta ngati kakudziwa kwawo.

Chitseko chitatseguka, mpweya wotentha unawaomba kumaso ngati wa mu uvuni, ndipo oyandikira anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Pansi anali atawazapo laimu wophera fungo, koma laimu safika pamakoma. Kuyambira pansi mpaka msinkhu wa m'chiuno, malata onse anali mikwingwirima yokhayokha, yonyezimira pamene dzimbiri linakandika, yakuda pamene magazi anaumira. Kumunsi kwa chitseko lata linali lopindikira m'kati, lili ndi zibowo za mano.

Wapampando anavula magalasi. "Muno munali chiyani?"

"Agalu amene simunawaone Lachisanu, amayi. Owonda, a mphere, okalamba. Pano amati kusesa. Anawatsekera muno dzuwa la masiku atatu, opanda dontho la madzi, kuti inu mumwe tiyi mtima uli m'malo."

"Bodza!" anakuwa Woyang'anira. "Tinawapatula chifukwa anali kale ndi zizindikiro za chiwewe! Ndinateteza anthu ine! Mikwingwirimayo ndi misala ya matendawo. Amayi Wapampando, mumvera wapolisi wosadziwa za ziweto?"

Anthu ena anayamba kung'ung'udza movomereza. Mantha a chiwewe si ochepa, ndipo munthu wamantha amakonda mfuti kuposa mafunso. Mayi wina wobereka mwana anakuwa kuti, "Ingowaomberani, tisafe ndife!"

"Chabwino," anatero Sajeni. "Ngati ndi chiwewe, ndiombera. Koma choyamba, bambo, tulutsani dzanja lanu lamanja m'thumbamo."

"Dzanja langa likukhudzana bwanji ndi..."

"Tulutsani."

Konsitabo anasendera pafupi. Dzanja linatuluka pang'onopang'ono, lokulungidwa ndi mpango wa m'thumba umene unali utada ndi magazi. Linali lotupa mpaka pamfundo.

"Wotuwa uja," anatero Chigubu. "Lolemba abwana atangotsegula, anawadumphira. Mphamvu yotsala yonse anathera pamenepo."

Anthu anabwerera m'mbuyo, kusiya Woyang'anira ali yekha pakati.

"Mwamva nonse," anatero Sajeni mwaukali. "Munthu uyu akuti agalu a muno anali ndi chiwewe, ndipo mmodzi wa iwo anamuluma dzulo m'mawa. Iye amadziwa bwino kuposa ife tonse kuti chiwewe chikafika m'mutu palibe mankhwala. Chipatala chili pafupi, galimoto ali nayo. Koma lero ndam'peza akudya buledi, mtima uli zii. Usiku wagona m'nyumba imodzi ndi ana ake. Bambo, pali ziwiri. Kaya ndinu munthu wosasamala moyo wanu ndi wa ana anu, kaya mukudziwa kuti m'malovu a galu uja munalibe china koma ludzu. Sankhani chimodzi, anthu akumva."

Thukuta linali kutsika m'khosi mwa malaya a Woyang'anira. Anayang'ana Wapampando, koma mayiyo anali akuyang'anabe mikwingwirima ija.

Pamenepo mkulu wosoka nsapato anadutsa pakati pa anthu, akuyenda movutika ngati munthu wochoka kumene m'chipatala. Anaima patsogolo pa Woyang'anira n'kuyang'ana dzanja lotupalo ndi nkhope ya chisoni chenicheni.

"Mwana wanga," anatero, "ngati galu wanga wakupatsani matenda, musaime pano kukangana. Thamangirani kuchipatala. Phulusa ndam'lera kuyambira ali kamwana, ndiye amene ndimalankhula naye m'nyumba chimwalirire amayi akunyumba. Koma galu ndi galu, inu ndinu munthu, muli ndi ana. Amayi Sajeni, ngati zili choncho, yambani ndi wangayo. Ndimugwira ndekha kuti asachite mantha."

Anayamba kumasula chingwe chake, n'kutembenukira kumakola.

"Bambo, imani."

Anali Woyang'anira. Mawu ake anatuluka osweka, moti ambiri sanawamve. Anabwereza mokweza, maso ali pansi.

"Imani, bambo. Achimwene a mfuti, chotsani zipolopolozo. Muno mulibe chiwewe. Simunakhalepo chiwewe."

Konsitabo anayang'ana Sajeni. Sajeni anagwedeza mutu, ndipo zipolopolo zinagwera m'chikhatho chimodzichimodzi.

"Nenani zonse," anatero Sajeni. "Osati kwa ine. Kwa anthuwa."

Woyang'anira anakweza nkhope. "Ndinawasesa ndine. Ndinkaloza ndi chala changa, loko ndinakhoma ndi dzanja langa. Ndinati ndikaperekeza alendo ndibwerera kudzatsegula, koma alendo anandiyamikira kwambiri m'galimoto, ndipo ndinaiwala. Lolemba nditaona mitembo ndinaopa ntchito yanga. Ndinainyamula, ndinaitentha, ndinanamiza adokotala pafoni. Ndinafuna kuti otsalawa aphedwe onse, makamaka wotuwayo, kuti pasapezeke woona miyendo yake n'kufunsa. Ndipo mlandu ndinafuna ugwere Chigubu, chifukwa munthu wakumwa palibe amamukhulupirira."

"Mwati munaiwala," anatero Wapampando, mawu ake ali ozizira. "Masiku atatu?"

Woyang'anira anapukusa mutu, misozi ikugwera pa tayi.

"Ayi, amayi. Kuiwala kunali kwa Lachisanu lokha. Loweruka mlonda anandiimbira ndili ku ukwati. Kulira kwawo ndinakumva pafonipo ndi makutu angawa. Ndinapisa m'thumba, kiyi ndinamukhudza. Koma inali nthawi yoti akuchimuna alowe m'bwalo, ndipo ine ndinali kutsogolo. Ndinathimitsa foni. Ndinavina."